Kadiso ka baitcaster kakukakamira kumanzere, Loweruka tikupita ku Vaal

LACHIWIRI MADZULO

Bambo a Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Reel yowedzera nsomba ija ndinakuonetsani mwezi watha, ya baitcaster imene abwana anandisiyira posamukira ku Cape Town, yayamba makani. Kadiso kaja kodutsamo chingwe, kamene kamayenda uku ndi uku poyala chingwe pa spool (pokulungira chingwe paja), ndikapukusa handulo kakuyenda bwinobwino mpaka kumanzere. Kakafika kumapeto basi kaima, kumangomveka tcha tcha tcha. Chingwe chonse chikuunjikana mbali imodzi ngati chulu. Ndikakakankha ndi chala kakuyambanso kuyenda. Loweruka tinapangana zokawedza ku Deneysville, pa damu la Vaal. Ndithandizeni, ine ndine wa ku Ntcheu, zinthu za m'madzi ndazidziwira kuno ku Joni.

Yobo wa Tembisa: Ankolo ipopereni Q20 basi, zonse ziyera 😂

Che Makanika: Iwe Yobo, Q20 wakoyo sungira tcheni cha njinga. Achimwene, musanamasule kanthu kalikonse, yang'anani kutsogolo kwa reel, pansi pa kadisoko. Pali kachitsulo kotalika ngati msomali, kokhala ndi timizere topingasana. Azungu amati worm shaft. Pukusani handulo pang'onopang'ono nthawi imene kadiso kaima. Kachitsuloko kakuzungulirabe, kapena nako kaima?

Bambo a Tadala: Dikirani ndiyatse tochi, kuno magetsi kulibe.

Bambo a Tadala: Kakuzungulira. Kadiso kokha ndi kamene kaima.

Che Makanika: Ndiye matenda ake ndi otchipa, mtima m'malo. Kachitsulo ka mizereko kamazunguzidwa ndi kagiya kali m'kati, mbali ya handulo, ndipo m'ma reel ambiri kagiyako ndi ka pulasitiki. Kakanaguluka mano, kachitsulo kakanaimanso, tikanatsegula mimba yonse. Koma poti kakuzungulira, wolakwa ali pansi pa kadiso penipeni. Tembenuzani reel, muona kachivundikiro kozungulira kokhala ndi mpata wa screwdriver. M'kati mwakemo muli kadzino, ku shopu mukanene kuti pawl. Nsonga yake imalowa m'mizere ija n'kumaitsata ngati sitima pa njanji. Kumapeto mzere umakhota, kadzino kamayenera kukhota nawo n'kubwerera. Nsonga ikaperepeseka, kapena m'mizeremo mukadzaza zinyalala, pokhota paja kamalephera. Tcha tcha mukumvayo ndi kadzino kakudumpha mzere.

Che Makanika: Chinanso, kakaima musapukuse mwamphamvu ngati mukudzutsa chigayo. Mukathyola kagiya kapulasitiki kaja, chimfine chisanduka maliro.

Ada Chintheche: Ine yanga inkabwerera pakati, isanafike n'kumapeto komwe. Ndi matenda omwewo?

Che Makanika: Omwewo ada. Pamene mizere yapingasana, kadzino kabwino kamapitirira molunjika. Kotha kapena kogwedera kamasochera n'kulowa mzere wobwerera. Bambo a Tadala, funso lina: pa kachitsuloko munapakapo chiyani?

Bambo a Tadala: Girisi. Ndinaona pali pouma ndiye ndinatapa pang'ono uja timapaka ma bearing a trailer kuntchito.

Ada Chintheche: Eee ada! Girisi wa trailer pa kanthu kolowa m'thumba la malaya?

Bambo a Tadala: Ndimati ndikuichitira zabwino.

Che Makanika: Sindikukusekani, ambiri tinadutsa momwemo. Vuto ndi loti kachitsuloko kali pabwalo, sikali m'nyumba ngati magiya. Girisi akakhala pabwalo amaitana fumbi. Ndiye taganizani mphepo ya August ya kuno, fumbi lochokera m'milu ya migodi lija limalowa mpaka m'mano mukamadya. Onjezanipo mchenga wa m'mbali mwa damu pamene mwagoneka ndodo pansi. Zimenezo zikasakanikirana ndi girisi zimasanduka phala lonolera, lofanana ndi lija timapaka pokhazika ma valve a injini. Kadzino kanu kakhala kakudzinola kokha mwezi wonse. Girisi ndi wa magiya a m'kati. Panja pamafunika kadontho ka oyilo wopepuka, kamodzi kapena tiwiri, mukabwera ku damu.

Mai a Chisomo: Pepani kulowerera za abambo. Oyilo wa makina osokera angathandize? Ndili naye wambiri kuno ku Rosettenville.

Che Makanika: Achemwali, ameneyo ali bwino. Ku shopu ya zowedzera amagulitsa wake wa reel, koma wa makina osokera ndi wopepuka, sagwira fumbi ngati girisi. Ine ndagwiritsa ntchito zaka.

Mai a Chisomo: Ndiye Bambo a Tadala mudzere Lachinayi mukamachokera ku town. Botolo libwerere, ndikukudziwani anthu inu.

Che Makanika: Mawa kukacha muchite izi. Yalani thaulo loyera patebulo, osati pamiyendo. Masulani kachivundikiro mosamala, ulusi wake ndi wofewa. Pansi pake nthawi zambiri pamakhala ka washer kopyapyala, musakataye. Kenako pendekani reel, pukusani handulo pang'ono, kadzino kagwa kokha. Kakakana kokani ndi tweezers. Mizere itsukeni ndi mswachi wakale ndi parafini pang'ono, zouma zitokoseni ndi kamtengo kotokosera m'mano. Singano ayi, imakanda chitsulo. Parafini asakhudze chingwe. Mukatero mutijambulire kadzinoko.

LACHITATU

Bambo a Tadala: Abale, kadzino kathawa.

Yobo wa Tembisa: 😂😂😂 thaulo lija linali kuti ankolo?

Bambo a Tadala: Thaulo amayi anakana, akuti ndi la alendo. Ndinayala nyuzipepala. Kagwa, kadumpha, ndamva kuti tii pa simenti, kenako zii. Tasesa chipinda chonse.

Mai a Chisomo: Tengani maginito a sipika ya wailesi yakale, muyendetse pansi. Ine mapini ndimatola choncho.

Che Makanika: Yesani, koma tina sitigwira maginito kwenikweni, tinanso ndi ta ceramic. Njira ina, tsekani makatani, gonekani tochi pansi kuti kuwala kuyende chokwawa pa simenti. Kanthu kakang'ono kamaponya chithunzithunzi chachitali. Ndipo zinyalala mwasesazo musataye.

Madala a Benoni: Mwana wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Chotsa ana m'chipindamo, ukhale pansi.

Bambo a Tadala: Ana ake omwewo ndi amene apulumutsa, madala. Tadala wakapeza mu nsapato yake ya kusukulu. Wandilipiritsa R5.

Bambo a Tadala: [chithunzi]

Ada Chintheche: Kameneka? Kukula ngati njere ya mpunga wa Kilombero, koma kusowetsa mtendere bambo wa ana atatu.

Che Makanika: Kulitsani chithunzicho muone kunsonga. Kadzino katsopano nsonga yake imakhala ngati mwezi wongooneka kumene, nyanga ziwiri zofanana. Kanu nyanga imodzi ilipo, inayo yatha, yasalala mpaka ikunyezimira. N'chifukwa chake kumanja kakukhota, kumanzere kakukana. Tsopano yendetsani chikhadabo m'mizere ya kachitsulo kaja, makamaka kumapeto ndi mopingasana. Mukamva pokola kapena pobenthuka, nakonso n'kogula. Kadzino katsopano pa kachitsulo kobenthuka sikatha mwezi.

Bambo a Tadala: Ndatsuka, parafini wada bii ngati wa mu injini. Chikhadabo chikudutsa bwino, palibe pokola.

Che Makanika: Mwapulumuka. Gulani kadzino kokha. Pa reel palembedwa dzina ndi nambala ya mtundu wake, mujambule, ndipo kakaleko mupite nako m'kabotolo ka mankhwala. Timadzinoti timaoneka tofanana koma timasiyana kutalika ndi kunenepa, musalole zoti "kali pafupifupi".

Madala a Benoni: Ana inu mumathamangira kugula. Kadzinoko kakhoza kunoledwa ndi sandpaper wosalala, nyanga zifanane, kabwerere m'malo. Ife tinkatero.

Che Makanika: Madala, ndi ulemu wonse, mukakanola kamafupika. Kakafupika sikafika pansi pa mzere, kamayenda m'mphepete n'kumadya kachitsulo kamene kali kodula. Kungakhale ku damu, nsomba zikudya, shopu ili kutali, ndingavomere kwa tsiku limodzi. Koma lero ndi Lachitatu ndipo tili pa Joni.

Madala a Benoni: Chabwino, wandigonjetsa, koma ndikuuze. Yanga ndi Ambassadeur 5000 yofiira ija, ya ku Sweden. Mtundu umenewu unayamba kutuluka mu 1952, ine ndisanadziwe n'komwe kuti nsomba imagwidwa ndi makina. Anandipatsa mzungu wina amene ndinkagwira naye ku mgodi nditabwera ndi Theba, asanasiye kulemba Amalawi ntchito za m'migodi mu 1988. Inabwera m'kachikwama kachikopa, m'katimo kabotolo ka oyilo, kasipanala, ndi kachubu ka ma spare. M'kachubumo munali kadzino kena. Opangawo ankadziwa kuti choyamba kutha ndi chimenechi. Kachiwiriko katatha ndi pamene ndinayamba kunola, chifukwa masiku amenewo munthu wakuda kulowa shopu ya zowedzera ku Benoni ankakuyang'ana ngati wasochera.

Yobo wa Tembisa: Agogo, koma reel yanu ija ndinaiona ku Homestead Dam, nayonso ndi yowonongeka. Mukaponya, kadiso kake kamathamanga uku ndi uku kokha. Yanga mukaponya kamangokhala phee.

Madala a Benoni: Mdzukulu, chowonongeka ndi maso akowo.

Che Makanika: Hahaha. Yobo, zonse ziwiri zili bwino, ndi mapangidwe osiyana. Pa Ambassadeur yozungulira ya madala, kachitsulo ka mizere kamatenga mphamvu ku spool. Spool ikazungulira, kaya mukuponya kaya mukukoka, kadiso kamayenda nayo. Pa zathu zophwatalalazi kamatenga mphamvu ku handulo, ndiye poponya kamaima pomwe kali, chingwe chimangodutsa. A Daiwa anafika popanga kadiso ka T-Wing kamene kamatseguka kwambiri mukadina poponyera kuti chingwe chisakhule. Koma ya madala ili ndi msampha wake. Mukachotsa spool, kapena chingwe chikaduka n'kutuluka m'kadiso, pobwezera mukhoza kupeza chingwe chikuchokera kumanja kwa spool pamene kadiso kali kumanzere. Zikatero ziwirizi zimakokanakokana ulendo wonse, kuponya kumafupika, kadzino kamatha msanga.

Madala a Benoni: Eya. Ndiye umayamba wayang'ana pamene chingwe chikuchokera ndi kumene chikulowera, usunthe kadiso kafike pomwepo, kenako ulowetse. Zikakusokoneza, mangirira chingwe pamtengo, yenda chambuyo mpaka chithe, ukulungenso. Ine ndimachitira mu msewu wa kwathu, aneba anazolowera.

Ada Chintheche: Koma bwanji ku Vaal kutali konseko? Harties, damu la Hartbeespoort lija, si pafupi kwa a ku Randburg?

Yobo wa Tembisa: Ku Harties namasupuni ada, nthawi zina madzi osaoneka, ngati bwalo la mpira.

Ada Chintheche: Zoona, zimandikumbutsa pa Liwonde. Komanso madzi ake ena ndi a mtsinje wa Jukskei, odutsa mu Alexandra. Nsomba ya kumeneko ine kuijambula ndingaijambule, koma mumphika mwanga ayi.

Mai a Chisomo: Apo ndiye mwandiputa. Inu mumathira petulo, kulipira pageti, kupsa ndi dzuwa tsiku lonse, mwagwira bass, mwaijambula, mwaibwezera m'madzi. Kwathu ku Nkhotakota atamva angati munalodzedwa. Bambo anga ankapalasa bwato usiku wonse, mwera uli m'kati, kuti tidye utaka.

Yobo wa Tembisa: Ndi masewera aunt, anzathu a mabwato aja akakuonani mukuika bass mu cooler amakuyang'anani ngati mwaba mwana.

Mai a Chisomo: Andiyang'ane, ine ndikukazinga.

Wapampando: Abale, nkhani ya mphika tiitsegulire tsiku lake. Panopa tithandize a ku Ntcheu kadzino kalowe.

LACHINAYI

Bambo a Tadala: Ndagula. Shopu yoyamba anati alibe, ndigule reel ina. Yachiwiri mkulu wake anayang'ana nambala, anatulutsa kabokosi ka timatumba, anayerekeza ndi kakale. Ndalama yake yosafika ya nkhuku imodzi. Oyilo ndatenganso, zikomo achemwali. Koma kakukana kulowa, kakutsala kunja pang'ono, chivundikiro sichikutseka.

Che Makanika: Musakanikize! Nsonga yakhala pamwamba pa chitsulo, sinapeze mzere. Reel ikhale chagada. Dontheza kadontho ka oyilo m'kabowo, ikani kadzino, kagwireni mopepuka ndi nsonga ya chala kapena kamtengo, dzanja linalo lipukuse handulo pang'onopang'ono. Mumva kakutsika kokha kuti tswii. Pamenepo ndiye mutseke. Kumanga kwake n'kwa zala ziwiri, osati kwa ma nut a tayala, chivundikirocho chimang'aluka.

Bambo a Tadala: Katsika! Kakuyenda mpaka kumanzere n'kubwerera. Koma pakumvekabe ka tcha pang'ono pokhota, ndipo kadiso ndikakagwedeza kakuseweraseweretsa.

Che Makanika: Ka washer kaja mwabwezera?

Bambo a Tadala: Kati?

Bambo a Tadala: Ooo. Kali m'mbale ya tiyi pawindo.

Ada Chintheche: Mwamwayi sanakamwere.

Che Makanika: Kameneko ndi kamene kamapanikiza kadzino kuti kakhale pansi pa mzere. Popanda iko mukanabwerera ku shopu mwezi wamawa. Ikani, muyesenso. Handulo izipukusika mofewa. Ikalemera ndiye kuti mwamanga kwambiri, bwezani pang'ono.

Bambo a Tadala: Zii. Phokoso latha. Ndapukusa mpaka amayi andifunsa ngati ndalowa ntchito ya chigayo. Tsopano chingwe chija chinaunjikana mbali imodzi ndichite nacho bwanji?

Che Makanika: Njira ya madala ija, chitulutseni chonse mukulungenso, chili chokoka. Dutsitsani m'mphete ya ndodo, wina agwire ndi kansalu konyowa. Musadzaze mpaka pakamwa, siyani mamilimita 2 kapena 3. Muli ndi braid, chingwe choluka chija, eti? Pansi pake munaika mono?

Ada Chintheche: Mono? Mono ulowa bwanji mu reel, ada? Kwathu mono ndi wa nsungwi, timatchera pa mtsinje wa Luweya.

Yobo wa Tembisa: 😂😂 ada akufuna kutchera mono ku Vaal Dam, apolisi a ku Deneysville akakomoka

Che Makanika: Ada mukudziwa bwino zomwe ndikunena. Nayiloni wamba uja. Braid ndi woterera, mukamumanga pa spool yopanda kanthu, nsomba ikakoka mtolo wonse umazungulira pamwamba pa spool, inu n'kumati drag, choletsa nsomba kuthawa ndi chingwe chija, yafa. Yambani ndi nayiloni mamita ochepa, kapena kazigamba ka tepi, kenako braid. Ndipo mukakulunga muone mmene chagonera. Chikapendekerabe mbali imodzi pamene kadiso kakufika mbali zonse, musamunamizirenso kadzino. Onani ngati reel yakhala molunjika pa mpando wake pa ndodo, ndi ngati spool sikugwedera cham'mbali.

LACHISANU

Bambo a Tadala: Abale ndabweranso, musanditope. Chingwe chagona bwino ngati mizere ya m'munda wa fodya. Koma ndimayeserera kuponya kuseri kwa nyumba kuntchito, ndaona braid akuchita ubweya, malo ena watsala pang'ono kuduka. Kadiso komweka kakudya chingwe?

Che Makanika: Zikhoza kutheka. M'kati mwa kadiso muli kamphete kolimba kosalala. Kakang'aluka, mng'alu wake ndi maso simuuona, koma umadula ngati lezala. Tengani kathonje kotokosera m'khutu, kafutukuleni pang'ono, muzungulitse m'kati mwa kadiso. Pakakhala mng'alu thonje litsalira. Osalekera pamenepo, chitani chimodzimodzi mphete zonse za ndodo mpaka kunsonga.

Mai a Chisomo: Ife timayesa ndi sokosi ya nayiloni yopyapyala ija pamene makina akudula ulusi. Ikakola ndiye pomwepo.

Bambo a Tadala: Kadiso kali bwino, thonje ladutsa loyera. Mphete zonse bwino. Ya kunsonga kwenikweni ndi imene yagwira thonje, ubweya uli lende.

Madala a Benoni: Unaimenyetsa pa chitseko cha taxi.

Bambo a Tadala: Madala mumaombeza? Pa Bree, sabata yatha, wothandizira anatseka ndodo isanalowe yonse.

Che Makanika: Imeneyo ndi ntchito ya mphindi 10. Pitani ndi ndodo ku shopu ija yachiwiri akayeze kukula kwa nsonga. Yakaleyo imachoka mukaitenthetsa pang'ono ndi laita, masekondi ochepa, n'kukoka ndi pulayala. Mukatentha kwambiri mupsereza ndodo. Yatsopano imamatidwa ndi guluu wotentha, muilunjikitse ndi zinzake guluu asanaume. Super glue ayi, tsiku lina mudzafuna kuichotsanso. Ndipo braid yense wa ubweyayo dulani, musamumvere chisoni.

Yobo wa Tembisa: Ankolo galimoto inyamuka 4 koloko pa garage ija ya pa Rosettenville. Amene wachedwa akawedze ku Zoo Lake ndi abakha.

LOWERUKA USIKU

Wapampando: A ku Vaal, mwafika? Gulu likudikira lipoti.

Bambo a Tadala: Tafika, ndatopa ngati ndalima. Kadiso kayenda tsiku lonse osakakamira ngakhale kamodzi. Koma mphepo inali yoopsa, ndaponya moyang'anana nayo katatu, katatu konse chingwe chapotana pa spool. Mzungu wina anali pafupi anangoti "kraaines" (chisa cha khwangwala) n'kumaseka. Chachitatu ndamasula mphindi 40.

Che Makanika: Chimenecho si kadzino, ndi chala chanu chachikulu. Mukanawonjezera ma brake ndi kumanga kachitsekero ka spool pang'ono, nyambo izitsika yokha mwapang'onopang'ono mukadina. Tidzaphunzitsana ku Homestead.

Ada Chintheche: Za bass nenani, musazembe.

Bambo a Tadala: Bass sindinaione. Nyongolotsi za pulasitiki zija ndaponya mpaka 1 koloko, kenako ndinakwiya, ndinapempha chiwindi cha nkhuku kwa Yobo. Sipanathe theka la ola.

Bambo a Tadala: [chithunzi]

Madala a Benoni: Mlamba! Ndevu zake ngati za a Che Makanika.

Yobo wa Tembisa: Ndinawauza kuti abwezere m'madzi agogo, anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Aukulunga mu thaulo.

Mai a Chisomo: Thaulo lake liti, la alendo lija?

Bambo a Tadala: Achemwali chonde, amayi a Tadala ali pagulu lanu la kutchalitchi.

Mai a Chisomo: Ndiye mawa tikaweruka mubwere ndi botolo langa ndi mutu wa mlambawo. Tomato ndigula ndekha.